Chaka chachitatu ku Davidson ndicho chinaumba Stephen Curry

Anzanga okonda basketball, nkhani ya Stephen Curry timaidula msanga. Timangoti mnyamatayo ali ndi dzanja, nkutherapo. Dzanja alidi nalo, koma akatswiri oponya mpira amatuluka m'makoleji a ku America chaka ndi chaka, ndipo ambiri akafika ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, amazilala. Adam Morrison anatsogola makoleji onse mu 2006 ndi mapointi 28.1 pa masewero, anasankhidwa wachitatu pamene matimu a NBA ankasankha osewera atsopano, koma sanapite patali. Jimmer Fredette anachinya 28.9 mu 2011, nayenso ligi inamukanika. Kwa ine chinamupulumutsa Curry ndi chaka chimene anaphunzira kuyendetsa timu, ndipo kenako ntchito yomwe anaigwira pa thupi lake akakolo atayamba kumuvuta.

Tiyambe ndi kaponyedwe komweko. Ali ku sekondale ya Charlotte Christian, Curry anali wamfupi ndi woonda, moti mpira ankaukankha kuchokera m'munsi mwa chifuwa kuti ufike. Mpira wochokera pamenepo wotchinga wamtali amangoumenya. Bambo ake, a Dell Curry, omwe anasewera zaka 16 mu NBA, anamuletsa kaponyedwe kameneko tchuthi chonse, nkumuyambitsira pafupi ndi golo kuti azolowere kutulutsa mpira pamwamba pa chipumi. Ngakhale zinali choncho, makoleji akuluakulu sanamufune. Virginia Tech, komwe anaphunzira makolo ake onse awiri, inangomuuza kuti abwere popanda sikolashipu. Amene anamukhulupirira ndi mphunzitsi Bob McKillop wa ku Davidson, kakoleji ka ku North Carolina komwe ophunzira onse sankakwana 2,000.

Masewero ake oyamba mu 2006, ndi Eastern Michigan, anataya mpira maulendo 13. Mphunzitsi wina akanamukhazika pa benchi tsiku lomwelo. McKillop anamusiya m'bwalo, ndipo pa masewero otsatira, ndi Michigan, anachinya 32. Sizoni imeneyo anamaliza ndi 21.5 pa masewero, ndipo mwa a chaka choyamba anamuposa ndi Kevin Durant yekha.

Za mpikisano wa chikho cha makoleji wa March 2008 ambiri mukuzidziwa: mapointi 40 pa Gonzaga, 30 pa Georgetown atatsalira ndi mapointi 17, 33 pa Wisconsin, kenako kugonja 59 kwa 57 ndi Kansas, yomwe inakatenga chikho. Koma yang'anani mmene mapointiwo ankabwerera. Woyendetsa timu anali Jason Richards. Curry ankathamanga wopanda mpira, kuzungulira kumbuyo kwa anzake aatali omwe ankatsekereza womulonda, nkulandira mpira ali kale pamalo oponyera. Imeneyo ndi ntchito ya nambala 2, ndipo ku NBA anthu a pamalo amenewo amakhala aatali masentimita 196 kapena 198. Curry anali pafupifupi 190, makilo 82. Akanalowa ligi chaka chomwecho dzina lake lili m'kamwa mwa aliyense, akanakhala munthu wopanda malo: wamfupi pa nambala 2, wosadziwa ntchito pa nambala 1, malo a woyendetsa timu.

Anasankha kutsala. Richards atamaliza maphunziro, Curry anatenga mpira m'manja sizoni yonse ya 2008 mpaka 2009. Kuyendetsa timu kumafuna zinthu zina: kudunda mpira ndi manja onse wotchinga ali pachifuwa, kuona mnzako womasuka anthu awiri atakutsekera, kuponya kuchokera pa kudunda m'malo modikira kupatsiridwa. Mipira yomwe anapatsira anzake nkuchinya inakwera kuchoka pa 2.9 kufika pa 5.6 pa masewero, uku akutsogola dziko lonse ndi mapointi 28.6. Masewero omwe ine ndimawakonda kuposa onse a chaka chimenecho ndi omwe sanachinye ngakhale pointi imodzi. Mu November 2008, Loyola ya ku Maryland inamuika anthu awiri kulikonse komwe apite, kaya ali ndi mpira kaya alibe. Curry anangopita kukaima pa kona ndi alonda ake awiriwo, anzake anayi nkumasewera ndi anthu atatu. Anaponya katatu kokha, Davidson inapambana 78 kwa 48. Mnyamata wa zaka 20 amene akupikisana kuti atsogole dziko pa mapointi, nkuvomera ziro kuti timu ipambane, ameneyo mutu wake unali utakhwima kale.

Pa 25 June 2009, tsiku losankha osewera atsopano ku NBA, matimu anakayikabe. Blake Griffin anapita woyamba, Hasheem Thabeet wa ku Tanzania wachiwiri, James Harden, Tyreke Evans, kenako Minnesota inatenga oyendetsa timu awiri motsatizana, Ricky Rubio ndi Jonny Flynn. Golden State Warriors inamutenga pa nambala 7. Mantha awo sanali opanda pake, tisawanyoze. Ku koleji masewero ndi a mphindi 40, ndipo nthawi imeneyo timu inkakhala ndi masekondi 35 oti iponye. Ku NBA ndi mphindi 48, masekondi 24, masewero 82 pa sizoni m'malo mwa 30 ndi pang'ono. Mzere wa mapointi atatu unkachoka pa mamita 6.32 kupita pa 7.24. Woponya amene amadalira mphamvu za mapewa, mita imodzi imeneyo imamuthera, makamaka miyendo ikatopa. Curry amaponya kamodzin'kamodzi akukwera m'mwamba, mphamvu ikuchokera m'miyendo, nchifukwa chake mtunda sunamusinthe: sizoni yake yoyamba analowetsa 43.7 pa mipira 100 iliyonse ya mapointi atatu, nkuchinya 17.5 pa masewero.

Chinatsala pang'ono kumumaliza ndi kakolo wa kumanja. Munthu ukabinya kamodzi, minyewa yomanga mfundoyo imatamuka, phazi limapindika mosavuta ulendo wina, ndipo chilichonse chikamapola chimasiya zipsera mkati. Anachitidwa opaleshoni mu May 2011 ina mu April 2012, ndipo sizoni ya pakatiyo anasewera masewero 26 okha mwa 66. Pa opaleshoni yachiwiri dokotala Richard Ferkel anapeza kuti minyewa ili bwino, chofunika kunali kuchotsa zipsera ndi tizidutswa ta mafupa. Koma mpeni pawokha sukanathetsa vutolo, chifukwa gwero lake linali kathamangidwe. Curry akamakhota mwadzidzidzi, thupi lonse linkatsamira pa akakolo. Keke Lyles, yemwe anabwera ku Warriors mu 2013 kudzayang'anira zolimbitsa thupi, anamuphunzitsa kukhota ndi chiuno: kuimira mwendo umodzi atawerama, kulimbitsa matako ndi mimba, kunyamula zitsulo kuchokera pansi mpaka anafika makilo pafupifupi 180. Pamwamba pake amavala zomangira akakolo masewero aliwonse. Masizoni anayi otsatira opaleshoni yachiwiri anasewera masewero 78, 78, 80 ndi 79.

Kuvulalako kunali ndi mbali ina. Mu October 2012 anasaina kontrakiti ya madola 44 miliyoni pa zaka zinayi, ndipo ena ankati Warriors yataya ndalama pa munthu wa miyendo yagalasi. Miyezi ingapo m'mbuyo timuyo inali itagulitsa Monta Ellis ku Milwaukee, mpira nkutsala m'manja mwa Curry, ntchito yomwe ija anaiphunzira ku Davidson. Mu February 2013 anachinya 54 ku Madison Square Garden, ndipo sizoniyo analowetsa mipira 272 ya mapointi atatu, kuposa rekodi ya 269 ya Ray Allen. Mphunzitsi Steve Kerr atabwera mu 2014 anaphatikiza Curry wa 2008 wothamanga wopanda mpira ndi Curry wa 2009 woyendetsa timu. Ukamulonda ndi anthu awiri pakati pa bwalo, amapatsira mnzake Draymond Green, anayi nkukumana ndi atatu ngati tsiku lija la Loyola. Akapatsira samaima, amathamangira ku kona kukalandiranso. Masamu ake ndi osavuta: kulowetsa 40 pa 100 ya mapointi atatu kukufanana ndi 60 pa 100 ya mapointi awiri. Chikho chinabwera mu 2015, choyamba kuchokera 1975. Sizoni yotsatira analowetsa 402, timu inapambana 73 nkugonja 9, ndipo anakhala woyamba kupatsidwa mavoti onse a MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse pa sizoni, ngakhale ndime yomaliza anailuza kwa Cleveland atatsogola 3 kwa 1. Kontrakiti yotchipa ija ndiyo inathandiza kuti ndalama zolembera Durant zipezeke mu 2016.

Ku Davidson anachoka asanamalize maphunziro, ndipo kolejiyo ili ndi lamulo loti sipumitsa nambala (kuileka kuvalidwa pomulemekeza mwini wake) ya wosewera amene alibe digiri, ngakhale atakhala ndani. Sanamupindire lamulolo, ndipo ine ndimawalemekeza pa chimenecho. Curry anamaliza digiri yake ya sociology mu May 2022, mwezi wotsatira anatenga chikho chachinayi, ndipo mu August chaka chomwecho nambala 30 inapachikidwa m'bwalo la Davidson, McKillop ali pomwepo.