Nyimbo yachisoni ija anaichotseranji mu filimu ya zidole?

Disembala akamayandikira, mkangano wa filimu ya The Muppet Christmas Carol umabukanso pa intaneti, makamaka pakati pa anthu a ku Britain ndi ku America amene anakula akuionera. Ena amalumbira kuti palibe filimu ya Khirisimasi yoposa imeneyi. Ena amaseka, amvekere munthu wamkulu ndi ndevu zako ungagwetse misozi chifukwa cha chule wansalu? Ine ndili kumbali ya olirawo, ndipo ndikufuna ndifotokoze, chifukwa nkhaniyi ikukhudza mmene akuluakulufe timaganizira za mitima ya ana.

Kwa amene simunaionepo: filimuyi inatuluka mu Disembala 1992. Nkhani yake ndi ya m'buku la Charles Dickens la 1843, ya mkulu wina wa ku London, Ebenezer Scrooge, wokongoza ndalama woumira koopsa, amene usiku woti mawa ndi Khirisimasi anachezeredwa ndi mizimu yomuonetsa kumene anachokera, kumene ali ndi kumene akupita. Scrooge ndi munthu weniweni, Michael Caine. Ambiri omuzungulira ndi zidole za Muppet. Chule Kermit ndiye kalaliki wake Bob Cratchit, Miss Piggy ndi mkazi wa kalalikiyo, Gonzo ndiye Dickens wofotokoza nkhani, ndipo akuyenda ndi khoswe Rizzo amene pakamwa pake sipauma, ngati si chakudya ndiye madandaulo. Zoseketsa zilimo zambiri ndithu. Makoswe olemba mabuku a ndalama akunjenjemera ndi chisanu, apempha malasha oonjezera, bwana angowaopseza za kuchotsedwa ntchito, nthawi yomweyo ayamba kuvina ngati kunja kukutentha. Mwana aliyense amaseka pamenepo.

Itangotuluka, anthu sanaithamangire. Mwezi umenewo m'nyumba zoonetsera mafilimu munali Aladdin ndi Home Alone 2, ndipo makolo ambiri anatengera ana awo kumeneko. Ku America inapeza ndalama zokwana pafupifupi madola 27 miliyoni, osati kugwa ayi, komanso osati zoti n'kuimbira nthungululu. Chimene chinaikweza ndi matepi a vidiyo. Mabanja anayamba kuionera kunyumba chaka ndi chaka, ana aja anakula, lero akuonetsa ana awo. Ku Britain tsopano nyumba za mafilimu zimaibwezeretsa Disembala aliyense, kwina anthu amaimba nawo nyimbo zonse mokweza, kwina amaionetsa gulu la oimba likuimba pompo.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga.

Pakati pa filimuyi pali malo pamene mzimu umubwezera Scrooge ku unyamata wake. Akuona chibwenzi chake Belle chikumusiya, chifukwa ukwati wakhala akuuzengereza chaka ndi chaka, ati ndalama sizinakwane. Belle, amene ndi Meredith Braun, akuimba nyimbo yotchedwa When Love Is Gone. Ndi nyimbo yodekha, yopanda chidole chodumphadumpha, yopanda nthabwala. Chakumapeto kwake Scrooge wokalambayo akuima pambali pa mtsikanayo n'kumaimba naye, mawu akumuthawa, misozi ili mbwembwembwe. Asanaitulutse filimuyi, a kampani ya mafilimu ya Disney anaionetsa kaye kwa anthu ochepa kuti aone mmene ailandirire. Ana anayamba kutakataka pa nyimboyi. Jeffrey Katzenberg, amene nthawi imeneyo anali mkulu wa mafilimu ku Disney, anaona kuti ndi yolemera kwa ana, ndipo inachotsedwa, ngakhale wotsogolera filimuyo, Brian Henson, sanafune.

Sindikunena kuti mkuluyo anali wosaganiza. Anaona zimene anaona: ana akutembenukatembenuka m'mipando. Koma anawerenga molakwa. Mwana akamatakataka pa nkhani yachisoni sizitanthauza kuti sizikulowa. Nthawi zambiri amatakataka chifukwa zalowa, ndipo sakudziwa poziika. Amene munakhalapo ndi mwana pa maliro mukudziwa. Amasewera, amathamanga, anthu n'kumati sakudziwa kanthu uyu, kenako patapita masabata akufunsani funso lokusowetsani chonena.

Umboni wake ndi owonera omwewo. Pa matepi a vidiyo nyimbo ija anaibwezeramo, ndiye ana a m'zaka za m'ma 1990 anakula akuidziwa. Filimuyi itayamba kutuluka pa zimbale zatsopano ndi pa intaneti yopanda nyimboyo, anthu omwe aja, tsopano ali akuluakulu, anakwiya. Anadandaula zaka ndi zaka. Taganizirani, ana amene ankanenedwa kuti nyimboyi ikuwatopetsa ndi omwe anadzaimenyera nkhondo. Ena mwa iwo amavomera poyera kuti ali ana ankaidumphitsa pa tepi, koma ndi omwewonso akuti popanda iyo filimuyo ndi yoperewera. Mu 2020 Brian Henson analengeza kuti chithunzi choyambirira cha nyimboyo, chimene ankati chinasowa, chapezeka, ndipo mu Disembala 2022, filimuyi itakwanitsa zaka 30, Disney+, malo a Disney oonetsera mafilimu pa intaneti, inatulutsa filimu yathunthu.

Ndipo odandaulawo sankangokakamira zakale. Mukaonera yodulidwayo, Belle angonena mawu ochepa n'kuchoka, kenako mukuona Rizzo akulira mosatonthozeka. Akulira chiyani? Palibe chimene mwaona chokwanira kumuliza. Choposa apo, nyimbo yotsekera filimu yonse, pamene Scrooge wasintha ndipo wakhala pa tebulo limodzi ndi banja la Cratchit, ili ndi maimbidwe a nyimbo ya Belle yomwe ija, koma mawu ake atembenuzidwa, tsopano akunena za chikondi chopezeka. Amene sanamve yoyamba ija, yomalizayi imangomudutsa ngati nyimbo wamba. Paul Williams, amene anapeka nyimbozi, anazilumikiza dala. Mkuluyu anali atangosiya kumene mowa ndi mankhwala ozunguza bongo mu 1990, ndipo wanenapo poyera kuti nkhani ya munthu wopatsidwa mwayi wachiwiri inali yakeyake. Munthu wotero salemba nyimbo yachisoni kuti angodzaza nthawi.

Anthu oseka za chule wansalu aja amaiwala kuti filimuyi inapangidwa ndi anamfedwa. Jim Henson, mwini wake wa zidolezi amenenso ankayankhulitsa Kermit, anamwalira mwadzidzidzi mu Meyi 1990 ali ndi zaka 53. Richard Hunt, mmodzi mwa akatswiri oseweretsa zidolezi, anamwalira mu Januwale 1992. Filimuyi inaperekedwa pokumbukira awiriwa. Brian ndi mwana wa Jim, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba kutsogolera, asanakwanitse ndi zaka 30 zomwe. Steve Whitmire anapatsidwa Kermit, kuti alowetse dzanja m'chidole cha malemu n'kuyankhula ndi mawu ofanana nawo. Ndiye pamene Kermit akubwera kuchokera kumanda kumene akagoneke mwana wake Tiny Tim, n'kuuza ana otsalawo kuti moyo ndi kukumana ndi kusiyana, anthu amene anali pansi pa zidolezo ankanena zimene zinali zitangowaonekera. Owonera amamva zimenezo ngakhale sakudziwa mbiriyi. Ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake malo amenewa amaliritsa anthu akuluakulu.

Michael Caine nayenso anathandiza. Anauza Brian Henson kuti adzasewera ngati ali ndi akatswiri a Royal Shakespeare Company, gulu lotchuka la zisudzo ku England, osatsinzinira owonera, osachita zachidole. Ndipo anachitadi. Pojambula ku Shepperton, malo ojambulira mafilimu ku England, pansi anapakweza kuti oseweretsa zidole azikhala kunsi, iye n'kumayenda pa timatabwa topapatiza, koma nkhope yake sionetsa kuti akuyankhula ndi nsalu. Akamakalipira Kermit amakalipira wantchito weniweni. Akamauza otolera thandizo la osauka kuti amene akufuna kufa afe, anthu achepeko padziko, mawuwo amabaya, ndipo ndi a Dickens mwini. Dickens ankadziwa umphawi. Bambo ake anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole mu 1824, iye ali ndi zaka 12 n'kukagwira ntchito mufakitale ya polishi wa nsapato. Anthu ambiri okonda bukuli amanena kuti filimu ya zidoleyi ndi imodzi mwa zimene sizinapatuke kwambiri pa mawu ake, chifukwa Gonzo amawanena monga analembedwera. Amene amati ndi zachibwana ayambe afanizira ndi buku.

Pali dandaulo lina limene ndimalilemekeza. Makolo ena amati mzimu womaliza uja, wamtali, wovala chinsalu chakuda, wopanda nkhope, wongoloza ndi chala osayankhula, unawalotetsa ana awo zoopsa. Ndi zoona, ndi woopsa. Opanga filimuyi ankadziwa, moti Gonzo ndi Rizzo amatsanzika pamenepo, ati zaopsa, tidzakumana kumapeto. Kwa mphindi zingapo palibe wokusekesa, uli wekha ndi Scrooge pa manda. Kholo limadziwa mwana wake, ndipo ngati wanu ndi wamng'ono kwambiri kapena wamantha, dikirani chaka china, palibe cholakwa. Enanso pakati pathu safuna n'komwe nkhani za mizimu m'nyumba mwawo chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo sindingawakakamize. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti chilichonse cholemera chichotsedwe kuti mwana azingoseka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ife sitinaleredwe choncho. Nthano zimene agogo ankatisimbira madzulo zinali ndi Kalulu wotiseketsa, inde, koma zinalinso ndi mwana wamasiye wozunzidwa, ndipo pakati pa nthano pamabwera nyimbo yachisoni, tonse n'kumavomera. Palibe gogo amene ankadumpha nyimboyo chifukwa mdzukulu wina wayamba kukanda mwendo. Ankadziwa kuti mwana amene walirira wamasiye wa m'nthano adzamuzindikira wamasiye wa pakhomo loyandikana nalo. Kuseka kokhakokha sikuphunzitsa zimenezo.

Chinanso chimene owonera ambiri amachidumpha pokamba za filimuyi, ine chimandikhudza kwambiri. Scrooge wa mu filimuyi si woumira chabe. Ndi munthu amene akukonza makalata othamangitsa anthu m'nyumba pa Khirisimasi, ndipo akusangalala kuti Disembala ndi nthawi yokolola kwa okongoza ndalama, poti anthu amawononga ndalama za ngongole pa chisangalalo. Amene munalawako katapila, kapena munagogoderedwapo ndi mwini nyumba mwezi utatha, mawu amenewa simukufunika womasulira. Mwana akaona wangongole akuponyedwa panja, kenako n'kuona munthu yemweyo amene anamuponya akulira pa nyimbo ya Belle, amayamba kumvetsa kuti nkhanza zili ndi kumene zimachokera. Scrooge sanabadwe wouma mtima. Anasiyidwa yekha kusukulu anzake akupita kwawo ku tchuthi, anaopa umphawi mpaka kuika ndalama patsogolo pa munthu amene ankamukonda. Mukachotsa malo amene akuona yekha zimene anataya, kusintha kwake m'mawa wa Khirisimasi kumangooneka ngati kwa munthu amene waopsezedwa ndi manda. Mukawasiya momwemo, mumaona kuti mtima unayamba kusweka kale, mzimu woopsa uja usanafike.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati mkangano wonsewu ndi wa anthu osowa chochita, mphindi zochepa zokhazo n'zolimbanirana? Mphindi zimenezo ndi zimene zanyamula filimu yonse. Ndimayamikira owonera amene sanatope kudandaula kwa zaka zonsezi, chifukwa anaonetsa kuti anthu, ngakhale ana, amasunga zimene zinawakhudza kuposa zimene zinangowasekesa. Opanga mafilimu a ana masiku ano akanamvako zimenezi, chifukwa zambiri zimene ana athu akuonera pa mafoni n'zaphokoso lokhalokha, zothamanga, zoopa kukhala chete ngakhale kamphindi.

Chondiwawabe n'chakuti nkhondoyi sinathe bwinobwino. Pamene Disney+ inabwezeretsa nyimboyi mu 2022, filimu yathunthuyo anaiika ku mbali ya zoonjezera, pomwe imene munthu amayamba kuipeza akangotsegula inali yodulidwa ija. Ndiye abale anga, ngati mwaganiza zoionera ndi ana Khirisimasi ino, yambani mwafufuza kuti mwapeza iti. Belle akangochoka osaimba, Rizzo n'kuyamba kulira, dziwani kuti mwapatsidwa yoperewera, ndipo funani inayo.