Ululu wa mwendo wodulidwa si misala, lekani kuseka

Lamlungu lapitali ndinakwiya, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Tinapita kukawazonda amalume anga amene anawadula mwendo wakumanzere m'munsi mwa bondo, chifukwa cha chilonda cha shuga chomwe chinakana kupola. Tinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, kalilole wamtali uja wa kuchipinda ataimikidwa pakati pa miyendo. Mwendo wabwino unali kutsogolo kwa kalilole, wodulidwawo kuseri. Ankapinda zala za kuphazi pang'onopang'ono n'kuzitambasulanso, maso ali tong'o m'kalilolemo, thukuta lili pamphumi. Ukayang'ana kuchokera pomwe anakhala iwowo, m'kalilole munkaoneka miyendo iwiri yathunthu.

Mlamu wina amene tinapita naye, munthu wa digiri yake, anangoyamba kuseka. "Amalume, zimenezi ndiye ziti? Mwendo unapita kalekale, ungapweteke bwanji? Izi n'za m'mutu basi. Chotsani galasilo, anthu angamati mwayamba misala."

Amalume anayankha motsitsa mawu: "Bambo, zala zanga zakumanzere zikuotcha ngati zili pamakala. Ndikuzimva ine." Kenako anagwira kalilole uja n'kumugoneka chafufumimba pamkeka. Manyazi. Munthu wamkulu, amene anatilipirira sukulu enafe, kuchititsidwa manyazi pakhonde pake pomwe chifukwa cha ululu umene sakugona nawo tulo.

Ndiye ndikulemba pano kuti mlamuyo ndi ena onse oganiza ngati iyeyo amve. Ululu umenewu ndi weniweni. Si misala, si ufiti, si kufuna kumveredwa chisoni. Mwa anthu odulidwa mkono kapena mwendo, oposa theka amamva ululu m'chiwalo chomwe kulibeko. Nkhaniyi si yadzulo ayi. Dokotala wa ku France, Ambroise Paré, anailemba m'zaka za m'ma 1500 atawona asilikali odulidwa miyendo akudandaula. Mu 1871 dokotala wa ku America, Silas Weir Mitchell, anaipatsa dzina lomwe madokotala akugwiritsabe ntchito, loti "phantom limb", kutanthauza chiwalo chomwe munthu amachimva koma kulibe, atasamalira anthu ovulala pa nkhondo yapachiweniweni ya kwawoko. Zaka mahandiredi madokotala akulemba zimenezi, inu mukubwera Lamlungu masana n'kumati n'zisudzo?

Mukuti n'za m'mutu. Inde n'za m'mutu! Nanga ululu uti umene si wa m'mutu? Mukaponda msomali, phazi limangotumiza uthenga, amene amati "ndapwetekedwa" ndi ubongo. Ubongo uli ndi malo ake a chiwalo chilichonse, phazi malo ake, dzanja malo ake, nkhope malo ake. Dokotala akadula mwendo, malo a mwendowo mu ubongo sawadula nawo. Amatsala, akudikira uthenga kuchokera ku phazi lomwe kulibe. Amalume sakunama. Ubongo wawo ukadali ndi mwendo.

Ndipo kalilole amene munamuseka uja sanachokere kwa sing'anga kapena m'maloto. Anachokera m'kafukufuku wa munthu amene wathera moyo wake akufufuza momwe ubongo umagwirira ntchito. Dzina lake ndi Vilayanur Ramachandran, mbadwa ya ku India, amene wagwira ntchito zaka zambiri pa University of California ku San Diego. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatenga kathonje n'kukhudza tsaya la mnyamata wina amene anaduka mkono pangozi. Mnyamatayo anamva kathonjeko patsaya, komanso anakamva pa zala za dzanja lomwe kunalibe. Kukhudza apa, akumva chala chachikulu. Kusuntha pang'ono, akumva chala cholozera. Ramachandran anafotokoza kuti chifukwa chake n'chakuti mu ubongo malo a nkhope anayandikana ndi malo a dzanja, ndiye dzanja litaleka kutumiza uthenga, uthenga wa kunkhope unayamba kulowerera malo opanda mwiniwo.

Atawona zimenezi anapita patsogolo. Ena mwa odwala ake ankamva ngati dzanja lodulidwalo lafumbata nkhonya mwamphamvu, zikhadabo zikulowa m'chikhatho, ndipo sankatha kulifumbatula. Mungalifumbatule bwanji dzanja lomwe kulibe? Iye anatenga bokosi, n'kuimika kalilole pakati pake. Wodwala ankalowetsa dzanja labwino mbali imodzi, n'kuyang'ana chithunzi chake m'kalilole pamalo pomwe dzanja lodulidwalo likanakhala. Akatambasula dzanja labwino, maso ankaona manja onse awiri akutambasuka, ndipo ena mwa odwalawo anamva nkhonya ija ikumasuka. Zimenezi anazisindikiza mu 1996 pamodzi ndi wofufuza mnzake Diane Rogers-Ramachandran m'magazini ya Royal Society, bungwe la asayansi la ku London. Bokosi ndi kalilole basi, zinthu zoti mungazipeze pamsika uliwonse.

Ndi chimenecho amalume ankachita pamkeka paja. Ankauonetsa ubongo wawo phazi likuyenda bwinobwino popanda moto. Inu munaona nkhalamba ikusewera ndi galasi.

Mukafuna umboni wina, ulipo. Mu 2007 madokotala a pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed ku America anayesa njirayi pa anthu odulidwa miyendo, n'kulemba zotsatira zake m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Anawagawa m'magulu atatu. Gulu lina linkagwiritsa ntchito kalilole, lina kalilole wophimbidwa ndi nsalu, lina linkangoyerekeza m'maganizo kuti likuyendetsa mwendowo. Mphindi 15 tsiku lililonse kwa masabata anayi. Onse a gulu la kalilole wosaphimba ananena kuti ululu wachepa, pomwe m'magulu enawo ambiri sanathandizike, ena mpaka ululu unakula. Anthuwo anali ochepa, ndipo sindikunena kuti kalilole amachiza aliyense. Alipo amene sawathandiza. Koma chinthu chosawononga ndalama, chosavulaza munthu, chomwe ena chawathandiza kugona tulo, n'chinthu choti munthu wophunzira azichiseka?

Safunsa anadya phula. Mukanangofunsa kuti "Amalume, galasili likugwira ntchito yanji?" bwenzi akufotokozerani okha, pakuti mtsikana wa mafizo (aja othandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala) amene anawaphunzitsa anawafotokozera bwinobwino. Simunafunse. Munaseka. Digiri yanu inakuuzani kuti chilichonse chimene simunachimvepo n'chopusa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti inuyo mlamu, ubongo wanu umachita zomwezomwezo tsiku lililonse. Mukuganiza kuti maso amagwira ntchito paokha, khungu paokha, makutu paokha, aliyense m'munda mwake? Ayi. Mu 1998 ofufuza Matthew Botvinick ndi Jonathan Cohen analemba m'magazini ya sayansi ya Nature za dzanja la mphira. Munthu wabwinobwino, wa manja ake onse awiri, amamukhazika patebulo, dzanja lake lenileni n'kulibisa kuseri kwa chotchinga, dzanja la mphira n'kuliika pomwe akuliona. Kenako amatenga timaburashi tiwiri n'kumasisita manja onse awiri nthawi imodzi, lenilenilo ndi la mphiralo. Pakapita kanthawi munthuyo amayamba kumva kusisitako pa dzanja la mphira, ngati ndi lake. Ofufuza ena pambuyo pake anayesa kuliopseza dzanja la mphiralo, anthu n'kumachita mantha thupi lonse. Amenewo si odwala. Ndi anthu ngati inu ndi ine. Maso akanena china, khungu n'kunena china, ubongo umasakaniza ziwirizo n'kutulutsa chimene umakhulupirira. Mu 2002 Marc Ernst ndi Martin Banks anaonetsanso kuti ubongo umayeza kuti pakati pa maso ndi dzanja ndi uti akupereka uthenga wodalirika panthawiyo, n'kumvera kwambiri ameneyo. Ndi chifukwa chake mayi akamasankha tomato pamsika usiku uli pafupi amasiya kudalira maso, amayamba kufinya ndi zala.

Ndiye ngati dzanja la mphira lingathe kumulowa munthu wathanzi m'mphindi zochepa, mukudabwa chiyani kuti mwendo umene amalume ayenda nawo zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ukadali mwa iwo? Mwendo umene analimira fodya, umene anapalasira njinga kupita ku chigayo, uchoke m'thupi lero n'kuchokanso mu ubongo mawa lake? Ululuwo ndi wawo, akuumva, ndipo sakufunika chilolezo chanu kuti ukhale weniweni.

Mwina ena amaseka chifukwa cha mantha kapena kusadziwa, kaya. Ine sizikundikhudza. Chimene ndikuona n'chakuti kuyambira Lamlungu lija amalume sanamugwirenso kalilole uja. Azakhali andiuza pafoni dzulo kuti usiku akumadzuka n'kumakanda mphepo pomwe panali phazi, akubuula. Atawauza kuti atenge galasi, anati, "Ayi amayi, ana angamandiseke." Ntchito ya masabata atatu yagwa chifukwa cha kuseka kwa munthu mmodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Shuga sasankha wa digiri, ndipo njinga za kabaza zikuthyola miyendo ya achinyamata m'misewu mwathumu tonse tikuona.

Ndipo poti ndayamba, ndinenenso ichi. Amalume asanalowe ku fiyeta, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawakhazika pansi n'kuwauza kuti bambo, mukadzuka mwina muzidzamvabe mwendo wanu, mwina uzidzayabwa, mwina uzidzaotcha, musadzaope. Palibe. Anasainitsidwa pepala, anadulidwa, chilonda chinatsukidwa, anapatsidwa ndodo zoyendera, kwawo. Miyezi iwiri yathunthu anakhala akubisa, osauza ngakhale azakhali, akuganiza kuti alodzedwa kapena mutu wayamba kusokonekera. Anafika poganiza zopita kukafunsa kumene mwendowo unakwiriridwa, poganiza kuti mwina unaikidwa molakwika. Zinatengera mtsikana mmodzi wa mafizo, tsiku lina amalume ali pa mzere wautali kuchipatala, kuwafunsa kuti "Agogo, kodi phazi lodulidwalo mumalimva?" Amalume akuti misozi inangotsika, chifukwa kanali koyamba munthu kuwafunsa funso limenelo.

Mawu awiri okha asanadulidwe akanawapulumutsa ku miyezi iwiri ya mantha. Kafukufukuyu wakhalapo kuyambira 1996, ali m'mabuku, ophunzira za udokotala amamuwerenga, koma wangokhala m'Chingelezi, m'magazini omwe ambiri mwa iwo kuti uwerenge nkhani imodzi pa intaneti uyambe walipira madola. Pa wailesi timamva za shuga, za kudya ndiwo zamasamba, za kusamala zilonda za kumapazi, zonsezo n'zabwino. Koma za chimene chimachitika mwendo ukachoka, zii. Kapepala kamodzi kokha ka m'Chichewa, kokhala ndi chithunzi cha munthu ndi kalilole, koperekedwa limodzi ndi ndodo zija, kangadye ndalama zingati?

Loweruka ndikupitanso kumudzi. Ndikakhala nawo pamkeka pomwe paja ndipo kaliloleyo ndikamugwira ndine. Mlamu, inu musabwere.