Chuku mu mtedza: pomwe a ku Zambia ndi Tanzania atisiya

Kuno ku Salima tili ndi malo awiri ochitira kafukufuku wa zaulimi, ku Chitala ndi ku Lifuwu, ndiye wina akamati Malawi alibe akatswiri ine sindivomera. Mtedza wa CG7 unatulutsidwa mu 1990 ndi akatswiri a boma ndi a bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT ku malo a kafukufuku a Chitedze, ndipo mbewu yomweyo ku Zambia amaitcha MGV4. Nzeru tinagawana. Chomwe chatisiyanitsa ndi njira yofikitsira nzeruzo pamsika.

Taonani nkhani ya chuku, chomwe chinatitsekera misika yabwino ya ku Ulaya. A bungwe lofufuza zaulimi la IITA anapanga mankhwala oletsa chuku otchedwa Aflasafe: ndi njere za mapira zokutidwa ndi nkhungu yosapanga poizoni. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa, ndipo nkhungu yabwinoyo imalanda malo a yoipa ija m'munda momwemo. Ku Tanzania sanazisiye m'manja mwa ofufuza. Anapereka chilolezo kwa kampani ya A to Z ya ku Arusha, yomwe imapanganso masikito, kuti izipanga ndi kugulitsa. Kampani ikaika ndalama zake imasakasaka yokha mlimi, chifukwa katundu akakhala m'nkhokwe yaluza ndi iyo.

A ku Zambia anayambira kwa wogula. Ku Chipata a kampani ya COMACO amaphunzitsa alimi, n'kuwagula mtedza wawo, n'kupanga chiponde cha It's Wild chomwe chimapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka. Mlimi amadziwa kokagulitsa asanadzale n'komwe, choncho kusamala kumamupindulira.

Nanga ife? Pitani pamsika wa kumudzi nyengo yokolola. Wavenda wakoleka sikelo pamtengo, amapisa dzanja m'thumba, n'kutchula mtengo umodzi, kaya mtedza ndi wosankha kaya ndi wonyala. Mayi amene anaumitsa wake mosamala ndi amene anawaza madzi kuti makoko afewe potongola, alandira zofanana, ndipotu wonyowayo ndiye amalemera pasikelo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mtedza wotsalira uja ndi umene timasinja n'kuthira m'phala la ana. Mlimi wotereyu mungamuuze bwanji kuti agule mankhwala oletsa chuku?

Zambiri zatsopano kwathu zimabwera ndi pulojekiti: munda wachitsanzo, chikwangwani, tsiku lachionetsero. Ndalama zikatha, mlimi amene anakopeka akapita kusitolo ya zipangizo zaulimi sakazipeza.

Sikuti sitingathe ayi. Inokyulanti wa soya, amene timasakaniza ndi mbewu podzala kuti ibereke bwino, kale ankapangidwa ku Chitedze mochepa, koma kampani ya AISL itayamba kupanga wake wotchedwa Nitrofix, timapaketi tinafika m'masitolo. Ku mtedza ndikufuna zomwezo, kuphatikiza wogula woyeza chuku pomwepo mlimi akuona, n'kuwonjezera mtengo pa thumba lomwe lapezeka loyera.