Inu a zikwangwani za "Ministries", tamvani kuno

Ana inu, ndakhala chete kokwanira. Masiku ano mnyamata akangogula sipika ndi suti yonyezimira, mawa lake wabwereka kalasi pa pulayimale, wapachika chinsalu: dzina lake m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake "International Ministries". Mukamufunsa tanthauzo la mawuwo, kukamwa yasaa.

Mawu oti "Ministries" ndi a Chilatini, ministerium, ochokera ku minister, ndipo tsinde lake ndi minus, kutanthauza chochepa. Kwa Aroma minister anali wantchito, wotumidwa, woperekera chakudya ena akudya. Wamkulu anali ndi dzina lakelake, magister, lochokera ku magis, choposa. Ahedimasitala tinkawathawa aja, dzina lawo linachokera kumeneko. Tsono inu mwatenga dzina la wantchito, koma mpando mwakhalira wa bwana.

Tsegulani Yohane mutu 2. M'Baibulo la Chilatini, lomwe Jerome anayamba kulikonza atatumidwa ndi Papa Damasus m'chaka cha 382, anthu amene Mariya anawauza kuti achite chilichonse Yesu anene pa ukwati wa ku Kana akutchedwa ministri. Ntchito yawo inali yotani? Kutunga madzi. Mitsuko 6 yamwala, uliwonse wolowa malita pafupifupi 100, mpaka kudzaza ndendende. Amene munatungapo pa mjigo mukudziwa mmene msana umachitira. Mayina awo sanalembedwe n'komwe. Omasulira athu sanaphonye pamene "ministry" anaitcha utumiki.

Nanga zomwe ndinaona pamaliro mwezi wathawu? Galimoto ya mmodzi wa eni "Ministries" amenewa itaima, mnyamata wina anathamangira kutsegula chitseko, wina ambulera, wina kathaulo kopukutira thukuta. Gogo wa imvi mbuu, msinkhu wa mayi ake, anagwada pafumbi kulandira chikwama cha "Papa". Anamfedwa ali pamphasa, iye akufunsa ngati sofa yabwera. Ndinachita manyazi ngati wabala ndine.

Ndi inunso amayi ndi abambo, mukuwawononga anawa ndinu. Ndalama ya feteleza mukukaisiya m'envulopu ya "mbewu", pamene mbewu yeniyeni simunagule, mvula ili pafupi.

Wina akadzakuuzani kuti wayamba "ministry", musafulumire kuwomba m'manja. Kamuoneni kuchipatala nthawi yoona odwala ngati amafikako. Pamaliro mupatseni ndowa akatunge madzi a adzukulu kumanda, muone nkhope yake.