De Valera analakwa kukapepesa imfa ya Hitler

Pa 2 Meyi 1945, patangopita masiku awiri Hitler atadzipha ku Berlin, nduna yaikulu ya Ireland, Éamon de Valera, inapita kwa kazembe wa Germany ku Dublin, Eduard Hempel, kukapepesa. Ku Portugal nako mtsogoleri wa dzikolo, Salazar, analamula kuti mbendera zitsitsidwe. Mayiko awiriwa sanamenye nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo ankati uwo ndi mwambo wa ukazembe basi. Ine sindikuvomereza.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti maliro n'kulirana, ngakhale kwa mdani timapita. De Valera ankaganizanso choncho. Pulezidenti wa America, Roosevelt, atamwalira pa 12 Epulo, De Valera anaimitsa zokambirana za nyumba ya malamulo pomulemekeza, ndiye ankaona kuti kusapita kwa Hempel kukanakhala kukondera. Ankatinso kazembeyu sanamuvutitsepo m'zaka zonse za nkhondo, kotero kumunyanyala pa tsiku logonja kukanakhala chipongwe.

Koma tikapita kumaliro timapepesa ofedwa. Kodi ofedwa mu Meyi 1945 anali ndani? Msasa wa Auschwitz, umodzi mwa misasa imene boma la Hitler linkatsekeramo ndi kupheramo anthu, unamasulidwa mu Januwale, wa Buchenwald pa 11 Epulo, ndipo pa 15 Epulo asilikali a Britain analowa ku Bergen-Belsen n'kupeza mitembo ili mbwee, yosaikidwa. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa. Anthu wamba ku Ireland mwina sankadziwa zonse, poti boma lawo linkatsekereza nkhani za nkhondo m'manyuzipepala, koma mtsogoleri wa bomalo sakanati sanamve. Zimandipweteka ndikaganiza za Myuda wa ku Dublin, amene abale ake anathera m'misasamo, akumva kuti mtsogoleri wa dziko lake wapita kukadandaula za wowapha.

Kusatumiza asilikali ndikumvetsa. Ireland linali dziko laling'ono, losauka, lomwe linali litangochoka kumene m'manja mwa Britain, ndipo panalibe chifukwa choti London izilisankhira nkhondo. Kumeneko sindimutsutsa. Koma kusalowerera sikunamukakamize kuyika Hitler ndi Roosevelt pa mulingo umodzi. Ngakhale mlembi wamkulu wa unduna wake woona zakunja, Joseph Walshe, anamuchonderera kuti asapite, iye osamva.

Ngati nkhani inali kulemekeza Hempel monga munthu, njira inalipo, ndipo De Valera anaigwiritsadi ntchito: nkhondo itatha anamulola kukhalabe ku Ireland ndi banja lake mpaka 1949. Ulemuwo unali wokwanira. Chipepeso cha imfa ya Hitler sichinafunike.