Mashopu anu akutha mitengo yathu

Ndadutsa pamsika wa kwathu m'mawa uno ndipo mpaka pano mtima ukundiwawabe. Mitengo itatu ya mango ija ya kuseri kwa chigayo, pamene amayi ogulitsa tomato ndi usipa amausapo dzuwa, kulibe. Agwetsa yonse, kwatsala zitsa basi. Ndafunsa mnyamata amene amakweza zipika mu lole kuti zikupita kuti, akuti ku uvuni. Bwana wina akumanga nyumba yosanja ya mashopu ndiye akufuna njerwa zootcha zambiri.

Nyumba ya mashopu, abale! Akanakhala agogo akumudzi amene aumba tinjerwa tawo kuti achoke m'nyumba ya zidina yomwe ikugwa, sindikanatsegula pakamwa. Koma uyu ndi munthu wa ndalama zake. Wagula malo pamsewu, walemba makontirakitala, adzatolera lendi mwezi ndi mwezi kwa zaka zambirimbiri. Munthu wotereyu alephere kugula mabuloko? Ayi, ndakana. Phindu lidzalowa m'thumba mwake yekha, mthunzi tataya ndife tonse. Iye adzakhala mu ofesi ya fani, amayi aja akupsa ndi dzuwa la mu Okutobala.

Komanso si kuti lamulo kulibe. Mu 2018 boma linatulutsa malamulo, kudzera ku bungwe la NCIC loona za ntchito zomangamanga, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zochitiramo malonda. Mashopu ali momwemo. Njira zina zilipo ndipo amisiri athu akuzidziwa. Pali mabuloko a simenti. Pali njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zimene amazipanikiza ndi makina, n'kuuma popanda moto ngakhale wa chikuni chimodzi. Ena adzati simenti yakwera mtengo. Tamva, yakweradi. Nanga mango amene anabzala makolo athu, omwe atenga zaka makumi kuti afike pamene anafikapo, mtengo wake ndi ndalama zingati? Mwaotcha usiku umodzi chinthu chomwe mwana wanu sadzachionanso.

Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti mukafika podula mango ndiye kuti yachilengedwe munamaliza kale. Tsanya, muwanga, m'bawa, zonse zinapita ku moto. Tsopano mwalowa m'mitengo ya zipatso. Mawa mudzalowa kumanda.

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene anthu a mumzinda wa Lilongwe amamwa, inametedwa ndi makala ndi nkhuni mpaka anachita kutumizako asilikali kuti akalondere mitengo. Phiri la Ndirande lili mbee. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, tonse tinalira, tinalonjeza kuti tibzala mitengo. Lero munthu woti akanatsogolera anzake, wokhala ndi kuthekera komanga bwino, ndi amene akutuma anyamata ndi nkhwangwa.

Inu amene mukumanga mashopu, malo ogona alendo, masukulu olipira, nyumba yanu isamangidwe ndi mitengo yathu. Ngati ndalama za mabuloko sizikukwana, mangani yaing'ono. Dikirani chaka china. Sife amene tikulipirireni kusiyana kwake ndi mthunzi wathu.

Ndiye pali nkhuti zomwe mumasiya mukatha kuumba. Maenje akuluakulu kuseri kwa nyumba za anthu, osakwirira, osatchinga. Mvula ikangoyamba amadzaza madzi, udzudzu umaswana momwemo, ana amakasambiramo osadziwa kuya kwake. Pa malo a bwana ameneyu pali nkhuti ziwiri kale, ndipo imodzi ili m'mbali mwa kanjira kamene ana a pulayimale amadutsa popita kusukulu.