Mikango ya ku Luangwa yandisiya ndi nsanje

Pa nkhani ya mikango anzathu a ku Zambia atisiya kutali, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawa. Kuchokera ku Mchinji, kudzera ku Chipata mpaka ku Mfuwe, si mtunda woti munthu n'kudandaula, koma ukangolowa m'paki ya South Luangwa umaona zimene kwathu timangozimva m'nthano za agogo.

Ndinali komweko posachedwapa, paulendo wausiku uja amayenda ndi tochi yaikulu pagalimoto. Tinapeza mikango yaikazi ikulondola gulu la njati m'mbali mwa mtsinje. Wotiperekeza anazimitsa injini, tochi n'kuilozetsa pansi, natinong'oneza kuti aliyense akhale duu. Abale inu, mikango imadziwa kugawana ntchito! Iwiri inapatuka n'kuzungulira cham'mbali, ikukwawa mimba ili pansi, ina n'kubisala m'udzu chapakati. Inatenga nthawi, osapupuluma. Mkango uli ndi liwiro, koma sukhalitsa pothamanga, umatopa msanga, n'chifukwa chake umayamba wayandikira kwambiri nyama isanadziwe kanthu, ndipo mdima ndiye mnzake. Ya m'mbali ija itavumbuluka, njati zinabalalika, fumbi koboo, ndipo ina yocheperapo inathawira komwe kunali yobisala ija. Umodzi unailumphira kumsana, wina n'kuigwira pamphuno ndi pakamwa, osataya mpaka miyendo inafooka. Umo ndi mmene mkango umaphera nyama yaikulu: umaitsamwitsa, pakhosi kapena pamphuno. Waumuna unatulukira zonse zitatha, unabangula kamodzi, yaikazi n'kupatuka, wokha n'kuyamba kudya. Musaunyoze komabe, pakakhala njati yamphongo yokhwima mphamvu zake zimafunika.

Wotiperekezayo anatiuza kuti tachita mwayi, poti nthawi zambiri mikango imabwerako chimanjamanja. Njati zimatha kutembenuka kudzalanditsa mnzawo, ndipo nyanga yake imang'amba mimba ya mkango.

Tsono kwathu kuno? Pachizindikiro cha dziko lathu pali mkango ndi kambuku, koma mikango yeniyeniyo pafupifupi yonse tinaimaliza tokha, ina ndi mfuti, ina m'misampha ya waya, ndipo nyama zoti izidya tinazipha kaye. Ku Majete anachita kukaitenga ku South Africa mu 2012. Ku Liwonde inabwerera mu 2018. Dziko lonse lathunthu kumakapempha mikango kwa eni ake! A Zambia chigwa chawo anachisunga, njati zilipo miyandamiyanda, ndiye mkango umasaka monga unalengedwera.

Pena ndivomereze. Bungwe la African Parks lagwira ntchito yooneka ku Majete ndi ku Liwonde, mikango ikuswana, ndipo mpanda wamagetsi umathandiza kuti anthu oyandikana ndi paki azigona tulo. Ku Luangwa kulibe mpanda wozungulira paki, anthu a m'midzi ya ku Mfuwe amalimbana ndi njovu m'minda mwawo chaka ndi chaka. Chinanso chimene sindigwirizana nacho n'chakuti Zambia imalola alenje olemera ochokera kunja kuwombera mikango m'madera ozungulira mapaki. Pamenepo ndiye ayi, bola kwathu.

A Tanzania sindiwatchula n'komwe, mikango yawo ndi yosawerengeka. Ngakhale a Mozambique, amene nkhondo inawapululira nyama, ku paki yawo ya Gorongosa mikango yayambanso kuchuluka.

Chimene chikundipweteka kwenikweni ndi Kasungu. Paki yaikulu chonchija, yogundana ndi malire a Zambia, tchire lake lofanana ndi la tsidya linalo, koma ungazungulire mpaka mafuta kutha osamva mkango ukubangula. Mwana wa ku Kasungu akafuna kuona mkango ukugwira njati azichita kufuna pasipoti?